Andilonjeza thiraki yolipira pang'onopang'ono, ndisaine?

Mnyamata wa ku Chirimba:
Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonseyi. Laisensi ya EC, yoyendetsera mathiraki akuluakulu okoka thirela, ndinatenga chaka chatha, ndipo kwa miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikuyenda ngati wothandizira dalaivala pa msewu wa Beira. Ntchito yokhazikika sikupezeka, paliponse akufuna munthu amene wagwira chiwongolero zaka zitatu. Tsono kampani ina ya mathiraki kuno ku Blantyre yati ingandipatse hosi ya 2012, mutu wa thiraki wokoka thirela, kuti ndiziyendetsa ngati yanga. Ndipereke dipoziti ya K15 miliyoni, kenako azidula madola 1,800 mwezi uliwonse kwa miyezi 36, pomaliza ndipereke madola 6,000, basi bulubuku idzakhala m'dzina langa. Thirela ndizibwereka kwa iwo omwewo, katundu azindipezera okha. Dizilo, matayala, sevisi ndi inshulansi ndi zanga. Ya dipoziti, mayi anga avomera kugulitsa puloti yomwe malemu bambo anatisiyira ku Lunzu, wogula alipo kale. Yankho akulifuna Lachisanu. Ndisaine?

Mdala wa Msewu wa Beira:
Mwana wanga, usanamve maganizo a aliyense tayankha zitatu izi. Galimotoyo yayenda makilomita angati? Ukapeza katundu wako kwina, akulola kunyamula? Ukalephera kulipira mwezi umodzi kapena iwiri, pepalalo likuti chiyani?

Mnyamata wa ku Chirimba:
Pa wotchi pakuonetsa 940,000, bambo. Katundu wa anthu ena sindiloledwa, akuti ndizinyamula wawo yekha mpaka nditamaliza. Ndikaphonya miyezi iwiri atenga galimoto. Za dipoziti ndinafunsa, anangoti sitingafike pamenepo.

Mdala wa Msewu wa Beira:
Mwafika kale pamenepo, n'chifukwa chake sakufuna kuyankha.

Tamvera. Ine ndayendetsa zaka 24, ndipo zinayi mwa zimenezo ndinali ndi galimoto yanga. Mwini thiraki weniweni amasankha yekha katundu, amakana mtengo woipa, galimoto ikamulemera amaigulitsa n'kupulumutsako kena. Iwe zonsezi sudzakhala nazo. Chomwe akukupatsa ndi mbali yowawa yokha ya umwini: tayala likaphulika ndi lako, injini ikagogoda ndi yako, galimoto ikagona pa boda masiku asanu njala ndi yako. Mbali yokoma, yosankha katundu ndi kuika mtengo, yatsala m'manja mwawo, pamodzi ndi bulubuku. Amene ukumulipira ngongole ndi yemweyo amene akuganiza kuti mwezi uno upeza zingati. Akafuna kuti ulephere sachita kukumenya, amangokuuza kuti katundu kulibe, dikira.

Ndipo pa miyezi isanu ndi iwiriyo waona wekha mmene msewu wathu ulili. Dziko lino timagula zambiri kunja kuposa zomwe timagulitsa. Nyengo ya fodya, tiyi, shuga ndi nandolo ikadutsa, mathiraki ambiri amatsika ku doko opanda kanthu kukatenga feteleza kapena kontena. Blantyre, Mwanza, Zobue, Tete, Changara, Catandica, Chimoio, Inchope mpaka Beira ndi makilomita opitirira 800. Kupita ndi kubwera, dizilo ndi malita osachepera 700, chifukwa hosi yolemedwa imayenda makilomita awiri okha pa lita. Ukatsika wopanda katundu, ulendo umodzi wobwerera ndi umene ukulipira maulendo onse awiri. Onjezerapo za pa msewu ku Mozambique zomwe amafuna ndalama zakunja, inshulansi ya pa boda poti Yellow Card ya COMESA kumeneko sigwira ntchito, ajenti, malo ogoneka galimoto, mlonda, chakudya. Ukapita ku Lilongwe pali mageti olipirira msewu a Chingeni ndi Kalinyeke. Ukalakwitsa kapakidwe, sikelo ya pa Mwanza kapena Balaka ikudikira, ndipo chindapusa chidzakhala chako. Unali wothandizira, ndalama zimenezi sunazitulutsepo m'thumba mwako. Zimamveka mosiyana zikamachoka mwako.

Nabanda wa Maakaunti:
Ine chomwe chandiopsa ndi madolawo. Achimwene, inu katundu azikulipirani mu ndalama yanji?

Mnyamata wa ku Chirimba:
Mu kwacha, achemwali.

Nabanda wa Maakaunti:
Ndiye mukulandira kwacha, ngongole ili m'madola. Kumbukirani zomwe zinachitika. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Madola 1,800 anuwo, munthu anagona ali K2,124,000, kudzuka ali K3,060,000. Mtengo wonyamulira katundu sukwera tsiku lomwelo, umatsatira pambuyo pang'onopang'ono, pomwe dizilo ndi masipeya zimakwera msanga. Pa miyezi 36 ndani angalumbire kuti kwacha ikhala pomwe ili? Funsaninso kuti dolayo aziiwerengera pa mtengo wa ku banki kapena wa pa msewu, chifukwa mitengo iwiriyo yakhala yotalikirana kwambiri.

Werengani zonse pamodzi: 1,800 kuchulukitsa ndi 36 ndi madola 64,800, kuphatikiza 6,000 ndi 70,800, dipoziti yapadera. Fufuzani kuti hosi ya 2012 yoyenda pafupifupi makilomita miliyoni ikugulitsidwa zingati lero kwa wogula kesh. Kusiyana kwakeko ndiye chiwongola dzanja chomwe sanachilembe papepala.

China chomwe anthu atsopano sadziwa: ndalama ya ulendo sibwera tsiku lomwe mwatsitsa katundu. Mumapereka mapepala, n'kudikira masiku 30, nthawi zina 60, ndipo pa malipiro a zonyamula katundu amadulapo withholding tax ya 10 peresenti yopita ku MRA pokhapokha mukhale ndi satifiketi yokuchotsani pamenepo. Koma dizilo wa ulendo wotsatira akufunika lero. Puloti yonse ikathera ku dipoziti, dizilo wa mwezi woyamba mugula ndi chiyani? Akupatsani adivansi, inde, kenako adula. Mukazindikira mudzapeza kuti ngongole zakhala ziwiri kwa munthu mmodzi.

Dala wa ku Ndirande:
Koma akuluakulu tisamuopseze mnzathuyu mopyola. Ine ndalembedwa ntchito zaka zisanu. Malipiro amathera pa lendi ndi ufa, alawansi ya pa msewu amachita kukupatsa ngati ukupempha, dizilo akapereweranso amadula kwa iwe. Ndikakalamba ndidzaonetsa chiyani? Abwana onse tikuwaonawa anayamba penapake. Ku banki munthu ngati ife satiyang'ana n'komwe popanda chikole. Mwayi ukabwera tizingouthawa mpaka liti?

Nabanda wa Maakaunti:
Zowawa zomwe mukunenazo n'zoona, achimwene, ndipo ku banki nakonso si kophweka. Reserve Bank inakweza policy rate (chiwongola dzanja chomwe mabanki amatsatira) kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, ngongole za m'mabanki zinakwera kuposa pamenepo. Koma banki ilibe mphamvu yokumanani katundu. Kampaniyi ili nayo.

Mwini Mahosi Awiri:
Ndiyankhepo poti ine njira yolipira pang'onopang'ono inandithandiza, ndipo sindingaitukwane. Hosi yanga yoyamba ndinaimaliza kulipira, lero ndili ndi ziwiri. Koma ndinene zonse. Ndinali nditayendetsa zaka zisanu ndi zinayi. Galimoto yomwe ndinatenga inali yomwe ndinkayendetsa ndekha kwa abwana anga, ndinkadziwa phokoso lake lililonse. Ngongole inali mu kwacha. Ndinali ndi makasitomala awiri anga amene ankandiimbira ine, osati abwana. Ndipo ndisanasaine ndinasunga ndalama yokwana kulipira miyezi itatu galimoto itaima. Ndalama imeneyo inatha yonse mu Malichi 2019, namondwe Idai ataononga Beira msewu n'kuduka. Ndikanapanda kukhala nayo bwenzi lero ndikulankhula zina. Kumapeto kwa 2024, zionetsero za ku Mozambique zitabuka chisankho cha mu Okutobala chitatha, mathiraki anaimanso, kuno dizilo n'kumasowa, masiku kuthera pa mzere. Galimoto ikaima ngongole siima.

Dala, sindikuti munthu asakhale ndi yake. Ndikuti mnyamatayu alibe ngakhale chimodzi mwa zisanu zomwe zinandipulumutsa ine.

Mayi a Ana Atatu:
Pepani ndilowererepo ngakhale sindine dalaivala. Ndinalowa pagulu pano chifukwa cha amuna anga. Mwana wanga, nkhani yako yandiliza chifukwa ndi yathu ndendende.

Ife tinagulitsa ng'ombe zisanu ndi chimodzi za kumudzi ndi kuonjezera ndalama ya banki mkhonde. Chaka choyamba zinkaoneka ngati zikuyenda. Bambo akabwera ku ulendo ankaimika galimoto pa bwalo la sukulu pafupi ndi kwathu, ana n'kumakwera kukaimba hutala. Ankaitsuka okha Lamlungu tikachoka ku tchalitchi. Mwezi wa 19 giyabokosi inafera pafupi ndi Changara, atanyamula feteleza. Anakhala pamenepo masiku 17. Kutentha kwa dera limenelo amene munadutsako mukukudziwa. Ankagona pansi pa thirela kulondera katundu, madzi ochita kugula, foni yotchajira kwa anthu. Ine kuno ndikuthamanga kufuna ndalama ya giyabokosi ina, ya makaniko, ndi ya hosi yoti ikakoke thirela poti mwini feteleza ankakalipa. Ndinagulitsa filiji ndi mashini anga osokera, zotsala ndinatenga katapila.

Galimoto inadzuka, koma tinali titaphonya mwezi umodzi. Kuchokera pamenepo maulendo anayamba kuchepa. Anzawo olembedwa ntchito akupakira, iwo akuuzidwa kuti abwere mawa. Pa sitetimenti ya mwezi wina, atachotsa ngongole, thirela, inshulansi, kachipangizo kolondolera galimoto (tracker) ndi adivansi, pansi panalembedwa kuti ifeyo ndi amene tili ndi ngongole kwa iwo, bambo atagwira ntchito mwezi wathunthu. Mwezi wa 25 anawaitana kuti abweretse galimoto ku yadi akaione. Atalowetsa, geti linatsekedwa. Mlonda anawapatsa jumbo muli bulangete, kapoto, mbaula ndi Baibulo lawo. Giyabokosi yomwe ndinagulitsira mashini anga inatsala momwemo. Patatha milungu itatu tinaiona pa Zalewa ikuyendetsedwa ndi mnyamata wina, naye atapereka dipoziti yake.

Bambo anakhala miyezi osafuna kutuluka m'nyumba. Pano analembedwanso ntchito, tikubweza katapila pang'onopang'ono. Ng'ombe ife tidzagula zina Mulungu akalola. Koma iwe ukunena za puloti ya mayi wamasiye. Usawaike pamenepo mayi ako, ndakupempha.

Mnyamata wa ku Chirimba:
Amayi, ndawerenga kawiri. Pepani kwambiri. Zikomo pondiuza zonse osabisa.

Dala wa ku Ndirande:
Pepani amayi. Za kumanidwa maulendozo ndinazionapo pa yadi ina, kungoti sindinkadziwa kuti mapeto ake amakhala otere.

Makaniko wa ku Kanengo:
Ndinenepo za chitsulocho. Kampani sigulitsa hosi yomwe ikuipindulira. Imagulitsa ikaona kuti nthawi ya kutsegula injini yayandikira, ndipo pa 940,000 yayandikiradi, ngati wotchiyo ikunena zoona. Funsani mabuku a sevisi: injini inatsegulidwapo liti, kalachi anasintha liti, mainjekita ndi tebo ndi a liti. Pitani m'mamawa injini isanalizidwe, muilize nokha ili yozizira, muone utsi. Tsegulani potsirira oilo injini ikulira, mukaona mpweya ukufuka mwamphamvu dziwani kuti mkati mwatha. Yang'anani m'madzi a rediyeta ngati muli mafuta. Lowani pansi ndi tochi muone chasisi ngati inaotcheredwapo, makamaka pafupi ndi fifth wheel, pokolekera thirela paja. Penti yatsopano pamalo amodzi okha ikhale funso. Dzazani mpweya, zimitsani, mumvetsere ngati ukutuluka.

Matayala muwerenge: hosi ili ndi 10, thirela ya maekiselo atatu ili ndi 12, onse 22. Funsani kuti a thirela yobwerekayo akaphulika agula ndani. COF isakunamizeni, imangonena kuti galimoto ingayende pa msewu lero, sinena kuti injini ikhala zaka zitatu.

Nabanda wa Maakaunti:
Ndionjezere pa za a makaniko. Onani bulubuku yeniyeni, osati fotokope, muyerekeze nambala ya chasisi ndi ya injini, mukatsimikize ku Road Traffic kuti mwini wake ndi ndani. Palinso kaundula wa katundu woikidwa chikole ku ofesi ya Registrar General, pansi pa lamulo la Personal Property Security Act la 2013. Ngati kampaniyo inakongolera galimotoyo ku banki, mukhoza kulipira mokhulupirika zaka ziwiri, iwo akalephera kwawo banki n'kudzaitenga m'manja mwanu. Inshulansi nayonso muone kuti galimoto ikapsa kapena kugubuduzika ndalama ipita kwa ndani, ndipo ya katundu amene mwanyamula alipira ndani.

Mlamu wa ku Indiana:
Moni kumudzi. Kuno kukucha kumene, ndapeza nkhani yatalika. Ndimayendetsa thiraki ku America, ndipo ndikuuzeni kuti msampha umenewu kuno ndi wakale, amautcha lease-purchase. Ukangotenga CDL, laisensi ya mathiraki ya kuno, miyezi ingapo, kampani imayamba kukunyengerera kuti ukhale bwana wa iwe mwini. Kuno nthawi zambiri safuna ndi dipoziti yomwe, ndiye anyamata amathamangira. Amadula sabata iliyonse: ya galimoto, inshulansi, ndalama yosungira zokonzetsera yomwe amaisunga okha, dizilo. Lamulo limalola kuyendetsa maola 11 okha pa tsiku ndipo kachipangizo ka m'galimoto kamawerenga, ndiye sungati ndigwira usiku wonse kuti ndibweze. Mitengo ya katundu itatsika kuyambira 2022, ambiri anabweza makiyi.

Mu 2017 nyuzipepala ya USA Today inafufuza za madalaivala a ku madoko a Los Angeles ndi Long Beach, inapeza wina amene sabata ina anapita kunyumba ndi masenti 67 atamudula zonse. Boma linakhazikitsa gulu lofufuza nkhaniyi, Truck Leasing Task Force, ndipo mu Januwale 2025 gululo linalangiza Congress, nyumba ya malamulo ya kuno, kuti mapangano otere, pomwe kampani yokupatsa katundu ndi yomweyonso ikukukongoza galimoto, aletsedwe. Tangoganizani, kumeneko ndi kuno komwe misewu ndi yosalala, masipeya amapezeka tsiku lomwelo, ndipo dola siigwa usiku umodzi. Ine anandinyengerera katatu, ndinakana, ndikadali wolembedwa ntchito ndipo ndikumanga nyumba kumudzi.

Wa ku Germiston:
Kuno ku Joni amalengeza kuti akugulitsa thiraki pamodzi ndi kontirakiti ya katundu, makamaka za malasha ndi chrome. Anthu amapereka dipoziti, kontirakiti ija n'kutha patangopita miyezi yochepa, ngongole n'kutsala. Kwa ife obwera palinso mantha ena, mwaona mathiraki akuotchedwa pa msewu wa N3 wopita ku Durban. Ndimangoti pepala la katundu likhale lolembedwa: maulendo angati pa mwezi, mtengo wanji, kwa nthawi yaitali bwanji. Lonjezo la pakamwa musaliwerengere.

Dala wa ku Ndirande:
Chabwino, ndamva. Koma nanga atati akakambirane nawo asinthe zina? Kapena n'zongotaya basi?

Mwini Mahosi Awiri:
Akhoza kuyesa, ndipo mayankho awo ndi amene amuuze kuti ndi anthu otani. Apemphe kuti ngongole ikhale mu kwacha. Alembe maulendo ochepetsetsa omwe azimupatsa pa mwezi, ndipo akalephera iwo kupereka katundu, mwezi umenewo usawerengedwe ngati waphonya iye. Amulole kunyamula za ena. Galimoto ikalandidwa, igulitsidwe poyera ndipo zotsala pa ngongole zibwerere kwa iye. Madola 6,000 a kumapetowo adziwe kuti adzachokera kuti, chifukwa ena amafika mwezi womaliza n'kugwera pamenepo. Koposa zonse afunse kuti ndi angati anamaliza kulipira n'kutenga bulubuku, amupatse manambala awo awaimbire yekha. Ngati alipo, kampani idzanyadira kuwatchula.

Nabanda wa Maakaunti:
Musaiwalenso zomwe munthu amataya akasaina ngati wodziyimira payekha. Wolembedwa ntchito, lamulo limati abwana aziika 10 peresenti ku penshoni, iye 5. Akavulala pa ntchito pali chipukuta misozi, akachotsedwa mopanda chilungamo pali Industrial Relations Court. Inu mukadwala malungo milungu iwiri palibe amene adzakulipirani, koma madola 1,800 adzadulidwa.

Mdala wa Msewu wa Beira:
Ndipo pali china chomwe sitinanene, chomwe ine chimandiwawa kuposa ndalama. Munthu wa ngongole amayendetsa moipa. Amaona tayala latha n'kuti lipite ulendo umodzi wokha. Amamva mabuleki akuchedwa kugwira n'kuti ndikonza ndikalandira. Tulo tikamugwira saima, poti akuwerenga masiku a mwezi. Dalaivala wa zaka zambiri mwina angapulumuke nazo, koma iwe sunatsikepo phiri wekha ndi matani 30 kumbuyo mvula ikugwa. Ndaika m'manda anzanga amene ankathamangitsana ndi tsiku lolipira. Phunzira kaye pa galimoto ya mwini, zaka ziwiri kapena zitatu. Gula kabuku, uzilemba chilichonse chomwe galimotoyo yadya pa ulendo uliwonse, dizilo, tayala, boda, masiku oima. Ukadzafuna yako udzawerenga ndi manambala ako, osati a wogulitsa.

Mnyamata wa ku Chirimba:
Akuluakulu, ndabwera kumene kuchokera ku yadi kuja. Ndinapempha kuti anditsitsireko kope ya kontirakiti ndikaonetse loya, akana, akuti pepalalo silituluka mu ofesi, ndiwerengere pomwepo. Za kwacha akuti sizingatheke. Bulubuku akuti ili kwa abwana aakulu amene ali kunja. Nditafunsa za anthu amene anamaliza kulipira, anati alipo ambiri koma manambala sangapereke. Kenako anandiuza kuti pali anyamata ena awiri akuifuna galimoto yomweyo, ndikachedwa Lachisanu ndiluza.

Ndawauza kuti awapatse anyamatawo. Wogula puloti ndamuimbira kuti aimike kaye. Chomwe chikundivuta tsopano ndi mayi. Anali atauza kale anzawo a ku Mvano kuti mwana wawo akugula thiraki, ndipo dzulo anandiphikira nkhuku. Sindikudziwa kuti ndikayambira pati.

Mayi a Ana Atatu:
Pita wekha, usawauze pa foni. Ukawawerengere zomwe ndalemba pamwambapa, ndakuloleza. Akafuna kumva pakamwa panga undiuze kumbali ndikupatse nambala, ndilankhula nawo ngati mayi mnzanga.

Mdala wa Msewu wa Beira:
Lolemba ndikupakira ku Limbe, ndinyamuka Lachiwiri m'bandakucha. Wothandizira wanga wapita ku maliro ku Mzimba, abwera mwezi wamawa. Ngati pasipoti yako ndi PrDP, chilolezo cha dalaivala wa ntchito, zili bwino, ndilankhula ndi abwana mawa kuti tiyende limodzi maulendo awiriwa, akakuone mmene umagwirira galimoto. Sindikulonjeza ntchito. Unditumizire chithunzi cha laisensi kumbali usiku uno.

Mnyamata wa ku Chirimba:
Zonse zili bwino bambo, pasipoti itha 2031. Ndikutumiza pompano. Ku Lunzu ndipita mawa m'mawa ndi minibasi yoyamba, ndibwerako Lamlungu madzulo.